Kuphunzitsa Mwana Amene Sukumuona

Aliyense wa ife amene adakhalapo pa benchi ya sukulu akudziŵa kuti mphunzitsi wabwino amaphunzitsa ndi maso. Pakamwa pakulankhula, dzanja likulemba pa bolodi, koma maso ali pa ana. Uyu wakwinya nkhope, ndiye kuti sadamve; uyo akusinza, kapena wabwera m'mimba mulibe kanthu; winayo waŵeramitsa mutu, akuopa kuti angamloze. Mphunzitsiyo amabwereza mawu ake, amasintha chitsanzo, amaitana mwana ndi dzina lake. Zonsezi amazichita osaganizira n'komwe, monga momwe mayi amadziŵira kuti nsima yakhwima pongomva kulemera kwa mthiko m'dzanja.

Tsono masiku ano makoleji ndi mayunivesite a m'dziko muno akupempha aphunzitsi awo kuti aike choko pansi, aziphunzitsa pa intaneti. Ana athu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi nawonso akulembetsa maphunziro otere, ndipo ife makolo tikugulitsa fodya, soya ndi mtedza kuti tilipire fizi, tigule foni, tigulenso bandulo mwezi ndi mwezi. Choncho nkhaniyi ndi yathu, ngakhale ambiri a ife sitidapondepo pakhomo pa koleji. Mphunzitsi wa pa intaneti walandidwa maso aja amene anali chida chake chachikulu. Funso limene tikufuna kulisinkhasinkha pa tsamba lino n'lakuti: kodi amene akumkonzekeretsa ntchito yatsopanoyi akumpatsa chiyani m'malo mwa masowo? Ife tikuona kuti kaŵirikaŵiri akumpatsa mabatani okhaokha, chonsecho chitsanzo cha njira yabwinopo chili pafupi nafe, m'boma lomwe lino la Dowa.

Mliri udatipeza tisanakonzeke

Pa 20 Malichi 2020 Boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse ndi makoleji onse zidatsekedwa. Zidayamba kutsegulidwanso pa 7 Seputembala, poyamba kwa olemba mayeso ndi a chaka chomaliza, ena onse n'kudzatsatira mu Okutobala. Kenaka mu Januwale 2021 sukulu zidatsekedwanso kwa masabata angapo. M'miyezi imeneyo ana athu a ku koleji adabwerera kumudzi ndi zikwama zawo. Aphunzitsi awo adauzidwa kuti maphunziro asaime, ndipo maina amene ambiri a ife tinali tisanawamvepo, Zoom, Moodle, Google Classroom, adayamba kumveka m'nyumba zathu.

Zimene zidachitika tonse tidaziona. Mphunzitsi amene wakhala ndi choko m'manja zaka 20 adatenga manotsi ake akale, nawajambula, nawaponya pa gulu la WhatsApp. Wina adayatsa kompyuta nalankhula maola aŵiri athunthu monga amachitira m'kalasi, osadziŵa kuti ambiri mwa omvera ake adagwa kale m'njira, ena bandulo itatha, ena foni itazima. Kuno kwathu tidaona anyamata ndi atsikana akukwera pa chulu kapena pamwamba pa chitunda, foni ataikweza m'mwamba, kusaka netiweki. Tidawaonanso akuyenda mtunda wautali kukatchajitsa foniyo pa shopu ya sola. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'Malaŵi, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiŵerengerocho chinali chotsika kwambiri kuposa pamenepo. Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a midzi.

Aphunzitsi amenewo sitikuwadzudzula ayi. Munthu amene nyumba yake yayaka sasankha ndowa yotungira madzi. Chimene tikudandaula nacho n'chakuti moto utazima, njira ya changu ija ndiyo idatsala, ndipo m'malo ambiri ndiyo yasanduka njira yosulira aphunzitsi.

Wekishopu ya masiku atatu

Ife a ku Dowa mawekishopu timawadziŵa bwino, pakuti Mponela adasanduka mudzi wawo. Sabata ndi sabata magalimoto ochokera ku Lilongwe amaima pa malo ogona alendo, anthu n'kuloŵa m'chipinda m'maŵa, kutuluka madzulo, ndipo tsiku lomaliza amalandira setifiketi ndi alawansi, najambulitsa chithunzi pabwalo. Kusula aphunzitsi a m'makoleji pa za intaneti nthaŵi zambiri kumayenda momwemo, kaya kuchitikire ku Mponela, kunyanja kapena pa koleji pomwepo. Tsiku loyamba amaphunzira kutsegula tsamba ndi kuika pasiwedi. Tsiku lachiŵiri amaphunzira kuikapo manotsi ndi kanema. Tsiku lachitatu amaphunzira kukonza mayeso osankha yankho amene kompyuta imachonga yokha. Akatero, m'malipoti mumalembedwa kuti aphunzitsi akutiakuti asulidwa, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Tisaname, alipo amene adayesetsa kuchita zoposa apa. Mzuzu University ndi LUANAR ya ku Bunda zinali ndi nthambi za maphunziro a kutali mliri usanafike, ndipo achinyamata ambiri amene sakadapeza malo m'kalasi adapeza mwayi kudzera m'nthambi zimenezo. Panalinso ntchito yotchedwa SHEAMA, imene inkayendetsedwa ndi Arizona State University ndi ndalama za bungwe la USAID, yothandiza mayunivesite a Boma kukonza maphunziro a kutali ndi kusula aphunzitsi awo. Zimenezi n'zoyamikika ndithu. Koma ntchito ya SHEAMA inali ya zaka zoŵerengeka ndipo idatha, ndiponso mu 2025 boma la America lidatseka bungwe la USAID. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene chingatithandize ndi chizoloŵezi chimene koleji iliyonse ili nacho payokha, alendo atapita. Pa chizoloŵezi chimenecho tikuonapo zilema zitatu.

Chilema choyamba n'chakuti amaphunzitsa chida naiŵala ntchito. Kudziŵa mabatani n'kofunika, monga kulili kofunika kudziŵa kugwira khasu. Koma wodziŵa kugwira khasu sadafike pokhala mlimi. Mafunso enieni a mphunzitsi wa kutali ndi ena. Kodi phunziro limene m'kalasi linkatenga maola aŵiri lidulidwe bwanji kuti munthu alimeze pang'onopang'ono ali yekha? Kodi malangizo alembedwe motani kuti wophunzira amene sangakweze dzanja n'kufunsa asasokere? Kodi mphunzitsi adziŵa bwanji Lachitatu kuti uje sadamve za Lolemba, asanadikire mayeso a kumapeto kwa teremu? Kodi angadzudzule bwanji ntchito yolakwika m'malemba, popanda kumwetulira kapena liwu lofatsa lofeŵetsa chidzudzulocho, wophunzira osataya mtima? Nanga wamanyazi uja amene m'kalasi ankamuona kumbuyo, pa intaneti amupeza kuti? Mafunso ameneŵa ndi a uphunzitsi, ndipo katswiri wa kompyuta amene amaitanidwa kudzatsogolera wekishopu sangawayankhe, pakuti si ntchito yake. Mphunzitsi amene sadathandizidwe pa mafunsoŵa amangosamutsa kalasi yake yakale n'kuithira m'foni, monga munthu wothira madzi a mumtsuko m'botolo la kukamwa kwakung'ono: ambiri amatayikira pansi.

Chilema chachiŵiri n'chakuti mphunzitsi amasulidwira m'dziko lina, wophunzira wake akukhala m'dziko lina. M'chipinda cha wekishopu muli magetsi, ndipo akazima jenereta imalira. Muli intaneti yaulere. Aliyense ali ndi laputopu ya galasi lalikulu. Wophunzira wa ku Malomo, ku Nthondo, ku Chisepo kapena kuseri kwa Mvera ali ndi foni yaing'ono, mwina yong'aluka galasi, mwina yobwereka kwa mlongo wake. Amatsegula phunziro madzulo atachokera kumunda kapena ku chigafa, ana akuseŵera pakhonde. Kanema wa ola limodzi amene mphunzitsi adanyadira kuti wamjambula bwino amadya bandulo imene ikadakwanira masamba ambirimbiri a malemba ndi mauthenga a mawu a mphindi zoŵerengeka. Phunziro lofuna kuti onse akhale pa intaneti nthaŵi imodzi limatsekera kunja aliyense amene tsiku limenelo mvula yaphimba dzuŵa ndipo sola sidatchaje. Ndi aphunzitsi angati amene adayesapo kutsegula phunziro lawo lomwe pa foni yotere, ali m'chigwa, ndi bandulo yogula okha? Atati ayese kamodzi kokha, zambiri angazisinthe asanauzidwe ndi munthu.

Chilema chachitatu, chimene tikuchiona kuti n'chachikulu, n'chakuti wekishopu ikatha mphunzitsi amatsala yekha. Taganizani: kuti munthu aphunzitse Sitandade 1 timamsula zaka ziŵiri, ndipo gawo lalikulu la nthaŵiyo amakhala pa sukulu yeniyeni, akuphunzitsa pamaso pa mnzake wodziŵa ntchito amene amamkonza. Koma kuti mphunzitsi wa koleji ayambe ntchito imene sadaichitepo, ndiponso imene iye mwini sadaphunzirepo mwa njira imeneyo, timati masiku atatu akwana. Palibe womuona, palibe womkonza. Kuwonjezera apo, kuyankha ophunzira 200 mmodzimmodzi m'malemba kumatenga nthaŵi yambiri kuposa kuwalankhula onse pamodzi m'holo, koma maola amenewo kaŵirikaŵiri saŵerengedwa ngati ntchito, ndipo bandulo amagula ndi ndalama za m'thumba mwake. Mapeto ake mphunzitsi amangoti zii. Kwa wophunzira wa kutali palibe choopsa choposa chete ameneyu. Watumiza ntchito yake, wadikira sabata, wadikira mwezi, osamva kanthu. Sakwiya, sachita chionetsero; amangoleka. Mtsikana ndiye amayamba kuleka, pakuti pakhomo pali madzi otunga, nkhuni ndi ana olera, ndipo munthu wogwira foni saoneka ngati ali m'kalasi. Fizi ija yapita, ndipo ku koleji palibe amene wazindikira kuti mpando wina watsala wopanda munthu.

Njira imeneyi tidayendamo kale

Maphunziro a kutali si mlendo m'Malaŵi. Mu 1965, dziko litangolandira ufulu, Boma lidatsegula Malawi Correspondence College, imene mu 1987 idatchedwa Malawi College of Distance Education. Ambiri a ife, kapena akulu athu, tidaphunzira ndi maseti ake ndiponso ndi maphunziro a pa wailesi ya MBC. Zidaoneka msanga kuti mwana wongomaliza Sitandade 8 sangadziphunzitse yekha ndi mapepala m'nyumba ya makolo ake, motero padatsegulidwa malo ophunzirira okhala ndi mphunzitsi woyang'anira. Maganizowo anali abwino. Koma oyang'anirawo ambiri anali aphunzitsi a pulayimale amene sadasulidwe mokwanira pa ntchito yatsopanoyo, maseti ankapereŵera, ndipo m'kupita kwa nthaŵi iwo adabwerera ku chimene ankachidziŵa, kuima kutsogolo ndi choko. Zotsatira za mayeso a MSCE m'malo amenewo zinali zomvetsa chisoni. Mu 1998 Boma lidalamula kuti malowo asanduke ma CDSS amene tili nawo lero.

Mu 1994 sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, chiŵerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osasulidwa. Pofuna kuwasula mwachangu, mu 1997 lidayambitsa ndondomeko ya MIITEP: miyezi itatu ku koleji, kenaka miyezi yambiri akuphunzitsa pa sukulu zawo uku akuŵerenga mabuku okonzedwera ntchitoyo, akuyenderedwa ndi alangizi. Mabukuwo adafika ndipo adathandiza. Pamene padafooka, monga ofufuza adapezera, ndi pa kuyendera kuja: alangizi ankasoŵa mayendedwe ndi nthaŵi, ndipo ophunzira ambiri ankakhala nthaŵi yaitali osaona wowakonza.

Nkhani ziŵirizi zikutiuza chinthu chimodzi. Pepala lidafika, wailesi idamveka. Chimene chinkasoŵa ndi munthu wosulidwa bwino wokhala pafupi ndi wophunzira, ndiponso mphunzitsi wakutali woyankha msanga. Lero pepala ndi wailesi zaloŵedwa m'malo ndi foni, koma dzenje lija likadali pomwe linali. N'zachisoni kuti tikuyandikiranso m'mphepete mwake ngati sitidagweremo.

Zimene zikuchitika ku Dzaleka

Pafupi ndi boma la Dowa pali Dzaleka, malo amene m'nthaŵi ya ulamuliro wa chipani chimodzi anali ndende ya andale, ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othaŵa nkhondo, makamaka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pofika 2023 anthu kumeneko anali ataposa 50,000 pa malo amene adakonzedwera anthu osapitirira 12,000. Ngati pali malo amene munthu angati maphunziro a pa intaneti sangatheke, ndi amenewo. Komabe mu 2010 Ajezuwiti, pogwirizana ndi bungwe lawo la Jesuit Refugee Service, adayambitsa kumeneko maphunziro a ukachenjede a pa intaneti, pa nthaŵi imodzimodzi ndi ku msasa wa Kakuma ku Kenya. Ntchitoyo inkatchedwa Jesuit Commons: Higher Education at the Margins, ndipo mu 2016 idatenga dzina lakuti Jesuit Worldwide Learning. Ophunzira oyamba adatenga dipuloma ya Regis University ya ku Denver, ku America, ndipo adamaliza mu 2013. Pamodzi ndi othaŵa kwawo, Amalaŵi ena a m'midzi yozungulira adalandiridwanso.

Chimene chili chofunika kwa ife ndi m'mene ntchitoyi idamangidwira. Wophunzira sasiyidwa yekha ndi foni m'nyumba. Pali chipinda chophunzirira, chokhala ndi makompyuta ndi magetsi, kumene amapita pa nthaŵi yoikika n'kukakumana ndi anzake. M'chipindamo muli mthandizi, munthu wa pomwepo, kaŵirikaŵiri amene iye mwini adadzera m'maphunziro omwewo. Ameneyu ndiye maso a mphunzitsi wakutali: amaona amene wajomba, amene wakhumudwa, amene sadamve funso, ndipo amatsogolera zokambirana. Mphunzitsi wakutaliyo ntchito yake yaikulu ndi kuŵerenga zimene wophunzira walemba ndi kumuyankha, sabata ndi sabata, ndi dzina lake. Asanayambe maphunziro enieni, ophunzira amakonzekeretsedwa pa Chingerezi ndiponso pa kaphunziridwe ka pa intaneti. Poona kuti netiweki njosadalirika, bungweli lidakonza zoti phunziro lizitha kusungidwa m'makina n'kuŵerengedwa popanda intaneti. Ndipo kusula kwa athandizi silidakutenge ngati nkhani ya masiku atatu: pali maphunziro apadera a pafupifupi miyezi 6, ovomerezedwa ndi Catholic University of Eichstätt-Ingolstadt ya ku Germany, amene wophunzira amawachita pa intaneti uku akuyeseza kuphunzitsa m'dera lake.

Apa tikuona kusiyana kwa maganizo. Ajezuwiti kuyambira kale amalimbikira pa kusamala munthu aliyense payekha, m'mene aliri, ndipo funso limene adayamba nalo ku Dzaleka linali lakuti: adzamdziŵa ndani wophunzira uyu? Makina adabwera pambuyo, ngati antchito a yankho. Mawekishopu athu ambiri amayambira pa makina, ndipo za wophunzira amazikumbukira nthaŵi itatha.

Komabe tisachite ngati munthu wogoma ndi chikomekome cha mkuyu. Njira ya ku Dzaleka ili ndi malire ake. Imalandira anthu oŵerengeka, osankhidwa mwa ambiri ofuna. Ndalama zake n'zochokera kunja, ndipo taona kale zimene zimachitika wopereka akatembenuka. Aphunzitsi ambiri ali kutsidya kwa nyanja. Sadziŵa Chicheŵa, Chiswahili kapena Kirundi, sadziŵa kuti mwezi wa Febuluwale umatanthauza chiyani m'nkhokwe zathu. Koleji ya Boma yokhala ndi ophunzira zikwi zambiri singathe kutengera zonse monga ziliri. Chimene ingatengere ndi maziko ake, ndipo mazikowo safuna ndalama zambiri kuposa zimene zimathera m'mawekishopu.

Ife a m'parishi sitiyenera kudabwa ndi maziko ameneŵa, pakuti timakhala nawo. Parishi ngati Mpherere, Nambuma kapena Mtengowanthenga ili ndi nthambi zambiri, ndipo wansembe sangafike konse Lamulungu lililonse. Pa sinodi yaing'ono ya dayosizi ya Lilongwe, kuyambira 1973 mpaka 1975, Ambuye Patrick Kalilombe adalimbikitsa miphakati, kuti akhristu a mudzi umodzi azidziŵana ndi kusamalana, atsogoleri awo atasulidwa bwino. Kalata ya Ambuye Episkopi imatha kufika paliponse, koma woiŵerenga pamaso pa anthu, woifotokoza, ndiponso wodziŵa kuti mayi uje sadabwere chifukwa akudwala, ndi katekisiti ndi mkulu wa mphakati. Maphunziro a kutali amafuna dongosolo lofanana ndi limeneli.

Tsono tichite chiyani?

Kwa akuluakulu a makoleji tikupempha zinthu zinayi. Poyamba, mphunzitsi asanaphunzitse pa intaneti, ayambe wakhala wophunzira wa pa intaneti kwa teremu yathunthu, pa foni, kuti alaŵe yekha kuŵaŵa kwa kudikira yankho ndi kwa malangizo osamveka. Kachiŵiri, phunziro lake loyamba alikonze pamodzi ndi mnzake amene adayamba kale, aliyese pa ophunzira oŵerengeka a kumudzi, alikonzenso, ndipo mnzakeyo amuyendere chaka chonse choyamba monga timachitira ndi mphunzitsi wa pulayimale. Kachitatu, maola oyankha ophunzira aŵerengedwe ngati ntchito, bandulo igulidwe ndi koleji, ndipo pakhale lamulo lodziŵika kwa onse lonena masiku amene ntchito yotumizidwa iyenera kukhala itachongedwa. Kachinayi, pamodzi ndi mphunzitsi wakutali asulidwenso athandizi a m'madera, ndipo aŵiriŵa adziŵane. Ndalama ya wekishopu imodzi ya ku malo ogona alendo ingalipire athandizi angapo kwa miyezi.

Kwa maparishi athu, mwayi ulipo. Tili ndi maholo amene amakhala otseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Tili ndi aphunzitsi opuma ntchito, okhala ndi luso la zaka zambiri la kuŵerenga nkhope za ana, amene angakondwe kukhala ndi achinyamata masana aŵiri pa sabata. Sola imodzi pa denga la holo, mabenchi, ndi munthu mmodzi wolemba maina a obwera ndi ojomba, zingasandutse ophunzira khumi obalalika, a makoleji osiyanasiyana, kukhala kalasi. Mutu umodzi susenza denga. Mphakati umene umasonkha chimanga cha maliro ungathenso kusonkhera batire.

Kwa ife makolo, Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiŵiri, m'chikalata chake cha za maphunziro cha 1965, Gravissimum Educationis, udatikumbutsa kuti ndife aphunzitsi oyamba a ana athu, ndiponso udalimbikira kuti aphunzitsi azikonzekeretsedwa mosamala, pa nzeru zimene akuphunzitsa ndi pa luso la kuphunzitsa lomwe. Choncho si mwano kufunsa tisanalipire. Kodi maphunziroŵa ndi ovomerezedwa ndi bungwe la Boma loona za maphunziro a ukachenjede? Kodi mwana wathu akatumiza ntchito, yankho lidzabwera patapita masiku angati, ndipo adzayankha ndani? Kodi phunziro lingaŵerengedwe netiweki itasoŵa? Kodi pali malo apafupi okumanirana ndi anzake ndi mthandizi? Kodi mwa amene adayamba chaka chatha, atsala angati? Koleji yabwino siingakhumudwe ndi mafunso otere. Imene iyankhe pongotionetsa chithunzi cha makompyuta, tiyambe taganiza kaŵiri. Safunsa adadya phula.

Ndipo tikalipira, udindo wathu sudathe. Mwana amene wakhala pansi pa mtengo wa mango ndi foni m'manja pa nthaŵi ya phunziro ali m'kalasi, ngakhale sadavale yunifolomu. Tisamtume kuchigayo nthaŵi imeneyo, makamaka ngati ndi mtsikana. Madzulo timfunse chimene waphunzira, ngakhale sitingamve zonse. Timfunsenso ngati aphunzitsi ake amuyankha. Akati papita masabata atatu osamva kanthu, timlimbikitse kuti alembe kalata, ndipo ngati n'kotheka tipite naye limodzi. Kufikira tsiku limene makoleji athu adzasule aphunzitsi awo moyenera ndi kuika athandizi m'madera mwathu, maso amene angaone kuti mwanayo wakwinya nkhope ndi athu okha.